Ndodo za Malume

Malume atatisiya chaka chatha, ine sindinalandire munda kapena njinga. Gawo langa linali ndodo zisanu za gofu, zadzimbiri, zokulungidwa m'thumba la feteleza. Ali mnyamata ankawoloka pa Mwami kukanyamula zikwama za osewera ku bwalo la gofu la ku Chipata, lomwe azungu anakhazikitsa tawuniyo ikadali Fort Jameson, kuno ku Mchinji kukadali Fort Manning. Ndodozo anawasiyira bwana wina atagula zatsopano.

Ndi zija amati ma blade: mutu wopyapyala wosulidwa, chitsulo chake chonse chaunjikana kuseri kwa malo omenyera. Ukamenya pakatikati penipeni, mpira umauluka ngati wautuma. Ukangophonya pang'ono, dzanja limachita dzanzi, mpira n'kukagwera m'tchire. Kwa zaka zambirimbiri aliyense, katswiri ndi wophunzira yemwe, ankasewerera zoterezi.

Amene anasintha zinthu sanali katswiri wa gofu ayi. Karsten Solheim, wobadwira ku Norway, anali injiniya ku kampani ya General Electric ku America, ndipo gofu anamuyamba atapitirira kale zaka 40. Mpira unkamuvuta kulowetsa m'dzenje. M'malo modziimba mlandu, iye anaimba mlandu ndodo. Mu 1959, m'galaja mwake ku California, anapanga ndodo yolowetsera mpira yomwe kulemera kwake kunali kumapeto onse awiri a mutu, n'kuitcha Ping potsanzira kulira kwake. Kenaka nzeru yomweyo anaiika pa ndodo zachitsulo: anakumba chibowo kuseri kwa mutu, chitsulo n'kuchikankhira m'mphepete. Mutu wotere supotoka kwambiri ukamenya pambali, choncho mpira umapitabe chakutsogolo. N'chifukwa chake amati ndodozi zimakhululuka. Ping Eye2 itatuluka mu 1982, osewera wamba anaithamangira.

Apa m'pamene ndinazindikira chomwe malume sankanena. Ndodo zosakhululukazo sanazisankhe. Zinali zotsala, mabwana atasamukira ku zofewa. Koma ankazinyadira koopsa. Ankati, "Mphwanga, ndodo yokunamiza kuti wamenya bwino siingakuphunzitse kanthu." Ine ndimaona kuti apa ankakometsako umphawi, ngakhale sindikanayerekeza kuwauza pamaso. Iwo anali ndi madzulo onse pabwalo mabwana akaweruka, kumenya mpira mpaka mdima. Ine ndimafika ku Lilongwe Golf Club kamodzi pa mwezi, monga mlendo wa mnzanga wa kuntchito, nditakwera minibasi mtunda wopitirira makilomita 100. Maulendo atatu apitawa ndataya mipira yambiri kuposa yomwe ndalowetsa bwino, ndipo mipirayo ndi ya eni ake.

Mnzangayo akugulitsa ndodo zake zakale zachibowo, pa mtengo womwe ungadye pafupifupi theka la malipiro anga. Ndamuuza kuti ndimulipira kawiri. Za malume ndazipala dzimbiri ndi sandipepa, zinayi ndapachika kuchipinda. Nambala 7, yomwe chogwirira chake chinaperepeseka ndi dzanja lawo, ndaiika m'chikwama. Madzulo ndikumakaimenyetsa kudambo kuseri kwa nyumba, ndipo dzanzi lija silinasiye.