Kiyi Wobwerera Yekha: Dzina Limene Lidakwirira Vuto la Chevrolet Cobalt

Mu Febuluwale 2014 kampani ya General Motors ya ku Detroit idalengeza kuti eni magalimoto ang'onoang'ono a Chevrolet Cobalt ndi Pontiac G5 apite nawo ku magalaja ake kuti akasinthidwe swichi yolizira injini. Pofika kumapeto kwa Malichi chiwerengero chidafika pa magalimoto pafupifupi 2.6 miliyoni, kuphatikizapo Saturn Ion ndi Chevrolet HHR, ena mwa iwo atatha zaka khumi ali pamsewu. Chovuta chake kadali kanthu kochepa zedi. M'kati mwa swichi muli kachitsulo kokankhidwa ndi sipuling'i, kamene kamagwira kiyi kuti asasunthe pomwe dalaivala wamuika. M'magalimoto amenewa kachitsuloko kadali kakafupi ndipo sipuling'i idali yofooka, moti bondo likakhudza makiyi, kapena galimoto ikagwa m'dzenje makiyi ali mulu wolemera, kiyi ankabwerera paja pamene wailesi imalira koma injini itazima. Galimoto ili pa liwiro, chiwongolero chinkalimba, mabuleki ankafuna phazi lamphamvu, ndipo matumba a mpweya otchedwa airbag, oyenera kufufuma pa ngozi, sankafufuma. Ambiri amati nkhaniyi ndi ya umbombo basi, ndipo umbombowo udalipodi. Koma mbiri ya mwambo woitanitsa magalimoto olakwika imaonetsa kuti chimene chimagamula ngati vuto likonzedwe kapena likwiriridwe ndi dzina limene lapatsidwa, ndiponso amene ali ndi mphamvu yolitcha dzinalo.

Mwambo umenewu ndi wamng'ono poyerekeza ndi galimoto. Kwa zaka zambiri Henry Ford atayamba kugulitsa Model T mu 1908, ngozi yapamsewu ku America inkawerengedwa ngati mlandu wa dalaivala: amathamanga, adaledzera, adasinza pa chiwongolero. Kampani ikazindikira kuti idalakwitsa chipangizo, inkatha kunong'oneza ogulitsa ake kuti azikonza mwakachetechete galimoto ikabwera ku galaja, popeza padalibe lamulo loikakamiza kuuza mwini wake. Zinthu zidatembenuka mu 1965 pamene loya wachinyamata Ralph Nader adatulutsa buku lakuti Unsafe at Any Speed, limene mwa zina lidadzudzula kapangidwe ka Chevrolet Corvair. General Motors idalemba anthu ofufuza mamseri kuti amupezere zifukwa, ndipo zitaululika, mkulu wa kampaniyo James Roche adapepesa pamaso pa aphungu a Senate mu Malichi 1966. Mu Seputembala chaka chomwecho Pulezidenti Lyndon Johnson adasaina lamulo la chitetezo cha magalimoto, lokakamiza makampani kudziwitsa eni magalimoto akapeza vuto loopsa. Bungwe la boma loyang'anira zimenezi, la NHTSA, lidakhazikitsidwa mu 1970, ndipo mu 1974 lamulo lidawonjezera kuti kukonzako kuzikhala kwaulere. Apa gawo la mlandu lidachoka pamutu pa woyendetsa n'kukatulidwa pakhomo pa wopanga.

Komabe lamulolo limaluma pokhapokha vuto litatchedwa lokhudza chitetezo, ndipo woyamba kugamula zimenezo ndi kampani yomwe idzalipire ndalama zokonzera. Pa zovuta zooneka ndi maso, kuzemba kudali kovuta. Mu 1971 General Motors idaitanitsa magalimoto a Chevrolet oposa 6 miliyoni chifukwa zogwirira injini zinkaduka, injini n'kutukuka, galimoto n'kuyamba kuthamanga yokha. Mu 1978 Ford idaitanitsa Pinto chifukwa thanki yake ya petulo inkaphulika galimoto ikagundidwa kumbuyo. Chitsulo choduka munthu amachitola n'kupita nacho kukhoti, ndipo moto umasiya phulusa. Vuto la magetsi ndi lina: limabwera n'kuchoka osasiya mapazi. Galimoto yozima pamsewu m'mawa imafika kwa makaniko masana ikulira bwinobwino, mwini wake n'kubwerera kwawo akuoneka ngati wonama kapena wosadziwa kuyendetsa. Ford idakhala zaka zambiri ikukana mlandu wa kabokosi kotumiza magetsi ku mapulagi, kamene kadamangidwa pamalo otentha m'magalimoto ambiri a pakati pa 1983 ndi 1995 ndipo kankazimitsa injini kakapsa. Amene adalamula kuti magalimotowo akonzedwe, mu 2000, adali woweruza milandu wa ku California, osati NHTSA. Motero Cobalt isanabadwe, makampani adali atazolowera kale kuona kuzima kwa injini ngati chinthu chotopetsa koma chosapha.

Lipoti la Anton Valukas, loya amene General Motors yomweyo idamulemba kuti afufuze, lidatuluka mu Juni 2014 ndipo lidafotokoza mmene chizolowezi chimenechi chidagwirira ntchito. Swichi ija idavomerezedwa mu 2002 ngakhale kuti siinkafika pa muyezo wa kampaniyo wa mphamvu yofunika kuti kiyi atembenuke. Cobalt itangofika pamsika kumapeto kwa 2004, madandaulo adayamba kubwera, ena ochokera kwa ogwira ntchito ku kampani komweko ndi atolankhani oyesa magalimoto atsopano. Mainjiniya adaika vutoli m'gulu la zinthu zosowetsa kasitomala mtendere, osati m'gulu la zoopsa, ponena kuti galimoto yozima munthu angathe kuiwongolerabe mpaka m'mbali mwa msewu. Sadalumikize mfundo ziwiri zimene zonse zidali m'nyumba mwawo: kuti kiyi amabwerera, ndiponso kuti kiyi akabwerera ma airbag amafa. Dzinalo litangomatidwa, zotsatira zake zidayenda zokha. Vuto la chitetezo lamulo limati lidziwike ku boma pasanathe masiku asanu ogwira ntchito, pamene vuto la mtendere wa kasitomala limaikidwa pa sikelo pamodzi ndi mtengo wake. Mu 2005 njira zokonzera zidakanidwa chifukwa cha ndalama ndi nthawi, ngakhale chipangizo chabwino sichikadawonjezera dola yathunthu pa galimoto imodzi. Mu Disembala chaka chomwecho ogulitsa adalandira kalata yowauza kuti azilangiza makasitomala kupeputsa makiyi awo, ndipo mawu otanthauza kuzima kwa injini sadalembedwemo dala, poopa kuti angadzutse a boma.

Chimene chidachitika mu 2006 chikuonetsa kuti ngakhale nambala ndi dzina. Injiniya yemwe adavomereza swichi yoyamba adalola kampani ya Delphi, imene inkapanga swichizo, kuti italikitse kachitsulo kaja ndi mamilimita 1.6 ndi kulimbitsa sipuling'i, koma nambala ya chipangizocho sadaisinthe. Pa ntchito yopanga magalimoto, nambala ya chipangizo ndiyo mboni yakuti chinthu chasintha. Ofufuza a m'kampani ataona kuti ngozi zopanda airbag zikuchuluka pa Cobalt zakale koma osati pa zatsopano, adayang'ana m'mabuku, adapeza nambala ndi imodzi, n'kuichotsa swichiyo pa mndandanda wa zokayikitsa. Zaka zidatha akusaka kolakwika. Chonsecho mu 2007 wapolisi wa pamsewu wa ku Wisconsin, atafufuza ngozi ya Cobalt imene idapha atsikana awiri, adali atalemba kale kuti kiyi adapezeka atabwerera ndipo mwina n'chifukwa chake ma airbag sadafufume. Chinsinsi chidaululika mu 2013, pamene injiniya wolembedwa ndi loya wa banja lina loferedwa ku Georgia adatolera swichi zakale m'malo ogumulirako magalimoto, n'kuziphwasula n'kuziyerekeza ndi zatsopano. Zimene kampani yaikulu idalephera kuona kwa zaka zambiri, munthu mmodzi adaziona patebulo.

Poyamba General Motors inkavomera imfa 13 zokha. Thumba la chipukutamisozi limene lidayendetsedwa ndi loya Kenneth Feinberg lidafika povomereza imfa 124 ndi ovulala 275. Mkulu watsopano wa kampaniyo, Mary Barra, amene adalowa paudindo mu Januwale 2014, adaitanidwa kukayankha mafunso ku nyumba ya malamulo ndipo adachotsa ntchito anthu 15. NHTSA idalipiritsa kampaniyo madola 35 miliyoni, omwe adali mapeto a chindapusa chololedwa pa nthawiyo, ndipo mu Seputembala 2015 unduna wa zachilungamo udailipiritsa madola 900 miliyoni. Kampaniyo idayesa kubisala kumbuyo kwa kugwa kwake pachuma kwa mu 2009, ponena kuti General Motors yatsopano sisenza milandu ya yakale, koma mu 2016 khoti la apilo ku New York lidakana chifukwa eni magalimoto sadachenjezedwe pamene kampani yakaleyo inkadziwa vutolo. Mlandu suola.

Wina angatsutse kuti galimoto yakale imazima basi. Mawaya amauma n'kusweka, batire imatha mphamvu, pampu ya mafuta imatopa, ndipo sikungakhale chilungamo kuti wopanga azisenza ukalamba wa galimoto iliyonse mpaka kalekale. Mfundoyi ndi yoona, ndipo lamulo la ku America limaivomereza poika malire a zaka zimene kampani iyenera kukonza kwaulere, amene mu 2015 adakwezedwa kuchoka pa zaka 10 kufika pa 15. Koma swichi ya Cobalt siidafooke ndi ukalamba, idatuluka m'fakitale ili yofooka. Ukalamba udangoithandiza kubisala, chifukwa galimoto ikakalamba aliyense amayembekezera kuti izivuta, ndipo imakhala itachoka m'manja mwa wogula woyamba n'kupita kwa wophunzira kapena wantchito wa malipiro ochepa, amene amakonzetsa kwa makaniko wapafupi osati ku galaja ya kampani kumene madandaulo amalembedwa.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kuposa koyamba. Pa ngozi zingapo zimene zidafufuzidwa, madalaivala ena ankathamanga kwambiri, ena adamwa mowa, ena sadamange lamba. Kodi swichi ndiyo idawapha? Funsoli likutibwezera ku maganizo amene lamulo la 1966 lidabwera kudzathetsa. Airbag siikidwa m'galimoto chifukwa cha tsiku limene zonse zikuyenda bwino. Imaikidwira tsiku limene munthu walakwitsa, kapena wina wamulakwira. Kulakwa kwa dalaivala kungafotokoze chifukwa chimene galimoto idasiyira msewu, koma sikufotokoza chifukwa chimene chitetezo chomwe adalipira pogula chidakhalira chete. Ndipo ena mwa anthuwo adasiya msewu chifukwa chakuti injini idazima, chiwongolero n'kulimba mwadzidzidzi. Ganizo lakuti munthu angathe kuwongolera galimoto yozima limamveka bwino pa bwalo loyeserera, injiniya akudziwa kuti izima, osati usiku mvula ikugwa lole ili kumbuyo.

Palinso amene amati dongosolo lidagwira ntchito, popeza pamapeto pake magalimoto adaitanitsidwa, olakwa adalipira, ndipo malamulo adalimbitsidwa. N'zoona kuti chindapusa chidakwezedwa kufika pa madola 105 miliyoni, ndipo kuyambira mu 2014 aliyense ku America angalembe nambala ya galimoto yake pa intaneti n'kuona ngati idaitanitsidwa. Koma amene adatsegula chitseko sadali mainjiniya a kampani kapena oyang'anira a boma, amene adaliona vutoli kangapo osatsegula kafukufuku. Adali anthu akunja kwa mpanda, amene sadamangidwe ndi dzina limene kampani idapereka. Dongosolo lodalira banja loferedwa kuti lipeze loya wakhama silinganenedwe kuti lidagwira ntchito. Ndipo mpata wina udakalipo: lamulo la dziko lonse la America sililetsa wogulitsa magalimoto akale kugulitsa galimoto imene idaitanitsidwa koma siinakonzedwe.

Mpata umenewu ndiwo ukufika mpaka kwathu kuno. Cobalt si galimoto ya m'misewu ya Blantyre kapena Lusaka, koma saluni zambiri zimene zimatsika pa madoko a Dar es Salaam ndi Durban kuchokera ku Japan zidakhudzidwa ndi kuitanitsa kwina kwakukulu, kwa ma airbag a kampani ya Takata amene ankaphulika n'kumwaza tizitsulo. Kalata yoitanitsa imapita ku adiresi ya mwini wolembedwa m'kaundula wa dziko limene galimoto idagulitsidwa koyamba, ndipo siwoloka nyanja. Chimene chimawoloka ndi nambala ya chasisi, imene makampani akuluakulu a ku Japan amalola munthu kuifufuza pa intaneti. Mwini saluni yakale akauzidwa ku galaja kuti galimoto zakale zimatero, ndiye kuti vuto lake lapatsidwa dzina lomwe lija limene mainjiniya a ku Detroit adapatsa swichi yawo mu 2005. Nthawi zambiri makaniko amakhala akunena zoona. Koma asanavomereze, mwini galimotoyo ali ndi chifukwa chofunsira ngati vutolo lidabwera ndi zaka kapena lidachokera ku fakitale.