Galimoto ya Batire Inagonjera Pakhoma

Sabata ino tiyang'ane pakhoma, pa soketi ija mumatchajira foni.

Mukamva za galimoto yamagetsi mumathamangira kuganiza za Tesla, si choncho? Komatu cha m'ma 1900 ku America, pafupifupi galimoto imodzi mwa zitatu zilizonse inali ya batire. Ngakhale Clara, mkazi wa Henry Ford, ankayendetsa Detroit Electric, kusiya za mwamuna wake. Inalibe utsi, ndipo sinkafuna kupukusa chitsulo kutsogolo kuti ilire.

Nkhani inkavuta pofika kunyumba. Batire limadya magetsi a DC, oyenda mbali imodzi, pomwe m'nyumba zambiri munkafika a AC, osinthasintha mbali. Ndiye mwini galimoto ankagulanso chimakina china n'kuchiika m'galaja, chigalasi chonga chibabu chachikulu chokhala ndi mercury mkati, chowala mobiriwira usiku wonse. Anachitulukira ndi Peter Cooper Hewitt mu 1902. Izitu zinali za olemera a m'tauni. Kumidzi kunalibe n'komwe polumikiza: pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, mafamu pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse ku America analibe magetsi. Petulo, mungonyamula m'chigubu basi. Model T yotchipa itabwera mu 1908, kenako Cadillac yoliza ndi sitata mu 1912, ya batire inazilala. Ine ndimaona kuti inagonjera pakhoma, osati pamsewu.

Lero chimakina chija chinachepa n'kulowa m'galimoto momwemo, moti mumangosomeka chingwe pa soketi wamba. Koma musayembekeze liwiro. Pa 230 V, chingwe chotere nthawi zambiri chimakoka ma amp 10, omwe ndi 2.3 kW. Nissan Leaf ya 2010, ya batire la 24 kWh, imafuna maola oposa 10 kuti idzaze ngati inatheratu. Ku Britain chingwechi amachitcha granny cable.

Nanga bwanji 10, pomwe pa pulagi palembedwa 13? Pulagi ya mano atatu yomwe tili nayo ku Malawi kuno inayamba ku Britain mu 1947, nkhondo itangotha, kopa akusowa. Pofuna kusinira waya, anazunguliza chingwe chimodzi nyumba yonse n'kuika fyuzi m'pulagi iliyonse. Ankaganizira ketulo, simbi ndi mbaula. Ketulo imawira mphindi zisanu n'kupuma. Galimoto imakoka kuyambira madzulo mpaka tambala kulira. Soketi ikakhala yakale kapena yogwedera imatentha pang'onopang'ono, pulasitiki n'kuyamba kusungunuka inu muli mtulo. N'chifukwa chake opanga zingwezi amasiya mpata.

Ndiye inu amene mukulota Leaf yochokera ku Japan, yambani mwaitana amisiri a magetsi aone mawaya ndi earth ya m'nyumba mwanu. Ekisitenshoni ija yodutsa pawindo, yomwe imanyamula kale filiji ndi TV, isayandikire. Mukasomeka, pakatha ola limodzi kagwireni pulagiyo. Ikakhala yotentha, zulani.