Akakukwerani kumsana

Mukukumbukira ana akamagwetsana pafumbi ku Chemusa kuno? Amene msana wagunda pansi ndiye wagonja, nkhani yatha. Ku Brazil anaziona mwina. Mu 1914 Mjapani wina, Mitsuyo Maeda, anafika kumeneko ndi luso lake lolimbana, ndipo banja la Gracie linalitola n'kulisula kukhala jiu-jitsu yawo. Kwa iwowa kugwa si kanthu. Tsoka ndi loti mnzanu akukwereni kumsana ngati mwana woberekedwa, miyendo itakola ntchafu zanu, mkono uli pakhosi. Simumuona, chibakera chanu sichimufika. Kukanyanga pakhosi kumeneku amati mata-leão, kupha mkango. Abale athu a ku Tete amva kale.

Pa 12 Novembala 1993, pa UFC yoyamba ku Denver, Royce Gracie, mnyamata wochepa thupi, anakumana pa fainolo ndi Gerard Gordeau wa ku Holland, chimunthu chamateche. Royce anamugwetsa, Gordeau n'kupereka msana. Basitu! Mphindi ziwiri zisanakwane anali akumenya pansi kuti amusiye.

Lero pa mipikisano ya IBJJF, kugwetsa munthu ndi mapointi 2 okha, koma kumukwera kumsana ndi 4.