Munda wa Ewanrigg ndi Chomera cha M'matanthwe

Kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Harare, umene makolo athu opita kukafuna ntchito ankautchula kuti Halale, pa mtunda wa makilomita ngati 40 kulowera ku Shamva, kuli munda wa Ewanrigg, umene mbiri yake inayamba ndi kulephera kwa mwini wake. Harold Basil Christian atagula malowo mu 1914, mtima wake unali pa maluwa a ku Ulaya, ndipo anawabzala nawathirira mosatopa; koma mlendo ndi mame, ndipo pofika dzuwa la chilimwe, lija long'amba nthaka, maluwa achilendowo anafota nauma.

Akuti pakati pa kapinga wake panali thanthwe limene linakana kuzulidwa, ndipo pofuna kubisa manyazi a mwalawo, anabzalapo chomera cha aloe chokumbidwa paphiri lapafupi, chija cha masamba onenepa a minga m'mphepete, chofanana ndi khonje, chimene abusa a mbuzi amachipondaponda osachiyang'ana n'komwe. Taonani, chonyozekacho chinakula popanda wochithirira, pakuti chimasunga madzi m'masamba mwake monga mayi wanzeru asunga chimanga m'nkhokwe. Ndipo m'nyengo yozizira, udzu wonse utauma, masamba ake anafiira ngati mkuwa, nichita maluwa a moto amene timbalame tinadza kudzamwamo timadzi totsekemera. Kuyambira pamenepo Christian analeka za ku Ulaya, nasonkhanitsa mitundu ya aloe ya mu Afirika muno, naiphunzira kufikira ukalamba wake, ndipo pomwalira mu 1950 anasiyira mtundu wonse mundawo.

Chimene chimandikhudza mtima ine ndi ichi, chakuti chomera choyambacho, chotchedwa Aloe cameronii, dzina lake linachokera kwathu kuno, popeza Kenneth Cameron, wantchito wa kampani ya Mandala, ndiye anachitenga m'dziko la Nyasaland nachitumiza ku munda wa Kew ku London, kumene akatswiri anachilemba m'mabuku mu 1903. Alendo anachinyamula kuwoloka nacho nyanja ngati chuma, pamene ife eni nthaka timachiotcha ndi moto wa lupsa chaka ndi chaka posaka mbewa.

Inu okhala m'munsi mwa mapiri, mukachipeza pathanthwe chitafiira mwezi wa Juni, chilekeni, ndipo muuzenso ana anu kuti asachiyandikize moto.