Kompyuta ya Magemu: Kulumikiza Wekha Kapena Kugula Yathunthu

Kompyuta ya magemu ndi yomwe ili ndi mphamvu zotha kuyendetsa zithunzi zambiri mofulumira popanda kudodoma. Munthu amaipeza m'njira ziwiri: kugula zipangizo chimodzichimodzi n'kuzilumikiza yekha, kapena kugula yolumikizidwa kale.

Chiyambi

Kulumikiza wekha kumatheka chifukwa makampani osiyanasiyana amatsatira miyeso yofanana. Mu 1995 Intel inakhazikitsa muyeso wa ATX, womwe unalongosola kukula kwa motherboard ndi malo ake m'bokosi la kompyuta. Makampani ogulitsa makompyuta athunthu a magemu nawonso anakula. Alienware inayamba mu 1996, ndipo Dell inaigula mu 2006.

Kulumikiza wekha

Zipangizo zofunika ndi processor, graphics card, motherboard, RAM, SSD, power supply, choziziritsira ndi bokosi. Ndalama zambiri zimathera pa graphics card, chifukwa ndi imene imajambula zonse zooneka pa sikirini. Wolumikiza yekha amasankha pomwe aike ndalama, ndipo chipangizo chikakalamba amangosintha chokhacho.

Vuto lalikulu ndi kugwirizana kwa zipangizo. Processor ya Intel siilowa pa motherboard ya AMD. Ngakhale za AMD zokhazokha zimasiyana: soketi ya AM4 imafuna RAM ya DDR4, pomwe AM5, yomwe inatuluka mu 2022, imalandira DDR5 yokha. Chipangizo chilichonse chimakhalanso ndi waranti yakeyake, choncho kompyuta ikakana kuyaka, wofufuza chavuta ndi mwiniwake.

Kugula yathunthu

Yathunthu imafika itayesedwa kale, kawirikawiri ili ndi Windows, ndipo waranti imakhala imodzi. Komabe makampani ena amachepetsa mtengo poika power supply yotsika kapena motherboard ya muyeso wawowawo, zomwe zimavutitsa podzasintha zipangizo m'tsogolo.

Mtengo

Palibe njira yotchipa nthawi zonse. Kuyambira 2020 mpaka 2022, ma graphics card anasowa chifukwa cha mliri wa Covid-19 ndi anthu okumba ndalama za crypto, moti nthawi zina yathunthu inkatchipa kuposa kugula zipangizo padera. Kwa oitanitsa kunja, monga ambiri ku Malawi, mtengo wa mayendedwe ndi kuvuta kobweza chipangizo chakufa zimalowanso m'mawerengero. Wofuna kuphunzira ndi kumakweza kompyuta yake pang'onopang'ono amapindula polumikiza yekha. Wofuna kungoyatsa n'kusewera imamuyenera yathunthu.