Maungu a Chitsulo a ku Wendover

Sendezani mipando kuno adzukulu anga. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mumaidziwa chifukwa cha agogo athu a KAR amene anakamenyana ndi Ajapani m'nkhalango za ku Burma. Koma kuli dera lina kumene mathero a nkhondoyo anakonzedwera mwakachetechete, ndipo sikutchulidwa kawirikawiri.

Ku America, pamalire a zigawo za Utah ndi Nevada, kuli chipululu cha mchere, choyera mbee, chosowa mthunzi, chosowa mtsinje. Eni nthaka akale kumeneko ndi anthu a mtundu wa Goshute. Itadutsa njanji, panabadwa kamudzi kotchedwa Wendover, ka anthu ngati 100, ambiri mwa iwo antchito a sitima. Mu 1940, America isanalowe n'komwe m'nkhondo, akuluakulu a asilikali anaona kuti dziko louma chotere, lopanda minda, n'loyenera kuphunzirirapo kuponya mabomba. Anamangapo bwalo la ndege. Pofika 1943 asilikali anali atapitirira 17,000, madzi akuchita kukokedwa m'mapaipi kuchokera ku akasupe a phiri la Pilot Peak. Anyamata oyendetsa ndege za B-17 ndi B-24 ankaphunzira pamenepo, akatha n'kulunjika kunkhondo.

Chakumapeto kwa 1944 kunafika mtsogoleri wachinyamata wa zaka 29, Paul Tibbets, atasenza chinsinsi. Pa 17 Disembala anakhazikitsa gulu la nambala 509, ndipo analipatsa ndege zikuluzikulu za B-29. Ndegezo anazivula zitsulo zodzitetezera, mfuti n'kuzisiyira za kumchira zokha, kuti zipepuke.

Tsono tamverani ntchito yawo. Ankanyamula bomba limodzi lokha, lonenepa, lobulungira, lolemera matani oposa 4, limene eni ake ankalitcha dzungu. Ena mwa maunguwo anali odzaza ndi simenti basi. Kukula kwake kunali kwakuti silikanalowa pansi pa ndege lili pamtunda. Ndiye anakumba maenje, bomba n'kulitsitsira m'dzenjemo, ndege n'kuikankhira pamwamba pake, makina n'kulikweza mpaka m'mimba mwake. Akakwera makilomita 9 m'mwamba, ankaliponya m'chipululumo kapena ku nyanja ya Salton Sea ku California. Likangochoka, woyendetsa ankapotoza ndegeyo mwamphamvu n'kuthawa ndi liwiro lonse. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, miyezi n'kumatha. Amisiri ochokera ku malo a kafukufuku a ku Los Alamos ankayeza mmene dzungulo likugwera, n'kukonza zipsepse zake ndi tizipangizo tolipangitsa kuphulika lisanafike pansi.

Anyamatawo ankadabwa: bomba lanji lothawidwa chonchi? Koma kufunsa kunali koletsedwa. Makalata awo ankawerengedwa, mafoni ankamvetseredwa, ndipo wolongolola ankangozindikira amusamutsira ku Alaska kozizira. Apa ndiye pamene pamandiwawa ine. Anthu oposa 1,500, amakanika, ophika, alonda, anagwira ntchito usana ndi usiku mokhulupirika, koma amene ankadziwa kuti akukonzekera bomba la atomiki anali owerengeka. Manja ambiri anakonza imfa imeneyi eni manjawo osafunsidwa maganizo. Ngakhale amigodi a ku Shinkolobwe ku Congo, kufupi ndi malire a Zambia, amene anakumba miyala yambiri ya yureniyamu yopangira zida zimenezi, palibe anawauza kumene miyalayo inkapita.

Pakati pa 1945 gululo linasamukira pachilumba cha Tinian m'nyanja ya Pacific. Pa 16 Julaye bomba lenileni linayesedwa m'chipululu china ku New Mexico. Pa 6 Ogasiti Tibbets ananyamuka ndi ndege imene anaitcha dzina la mayi ake, Enola Gay, n'kukachita pamwamba pa Hiroshima zomwe zija ankayeserera ku Wendover: kuponya, kupotoza, kuthawa. Patapita masiku atatu, woyendetsa ndege wina wa gululo, Charles Sweeney, anachitanso chimodzimodzi ku Nagasaki. Japan inagonja mwezi womwewo, ndipo agogo athu anayamba kuyembekezera sitima zowabwezera kwawo.

Shedi yaikulu mmene munkasungidwa ndege za gululo ilipobe ku Wendover, alendo amakaiona. Koma inu adzukulu musunge chiwerengero ichi: pofika kumapeto kwa 1945, anthu pafupifupi 140,000 anali atamwalira ku Hiroshima, ndi ena pafupifupi 70,000 ku Nagasaki, ambiri mwa iwo anthu wamba, amayi, ana ndi okalamba.