Airplane mode

Airplane mode ndi batani la pa kompyuta, foni kapena tabuleti limene limazimitsa nthawi imodzi njira zolumikizirana popanda waya. Chizindikiro chake ndi kachithunzi ka ndege.

Dzinali linabwera chifukwa cha malamulo a m'ndege, oletsa zipangizo zotumiza mafunde a wailesi amene angasokoneze makina a woyendetsa. Ku America, bungwe loona za ndege la FAA linalola mu 2013 kuti okwera azigwiritsa ntchito zipangizo zing'onozing'ono ulendo wonse, bola batanili likhale loyatsa.

Pa Windows batanili linayamba ndi Windows 8 mu 2012. Likayatsidwa, Wi-Fi, Bluetooth ndi netiweki ya SIM khadi zimazima: intaneti imaduka, ndipo mausi kapena mahedifoni a Bluetooth amasiya kugwira ntchito. Intaneti yodzera pa waya wa Ethernet siikhudzidwa, ndipo mafayilo osungidwa m'kompyutamo amatseguka bwinobwino. Munthu angathe kuyatsanso Wi-Fi kapena Bluetooth payokha, airplane mode ili chiyakire. Batire imakhalitsanso.

Malaputopu ena ali ndi batani lakelake pa kiyibodi. Makompyuta a Mac alibe airplane mode. Pa Mac, Wi-Fi ndi Bluetooth zimazimitsidwa chilichonse pachokha. Dzina lina la airplane mode ndi flight mode.